Kompyuta ikasiya kutulutsa mawu: kufufuza vuto pa timabowo ta kutsogolo ndi ta kumbuyo

Kuyambira m'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unachititsa kuti misonkhano yambiri izichitikira pa intaneti, mawu a pa kompyuta akhala mbali yofunika ya ntchito m'maofesi a boma. Mkulu amene walowa pamsonkhano wa pa Zoom kapena Microsoft Teams koma sakumva zomwe anzake akukambirana, kapena akulankhula popanda womumva, amafanana ndi amene sanafike n'komwe. Zikatere ambiri amafulumira kugamula kuti kompyuta yafa, ndipo kalata yopempha ina kapena yoitanitsa mmisiri imalembedwa tsiku lomwelo. Komatu kawirikawiri vuto limakhala laling'ono, ndipo kompyuta ya pa desiki ili ndi mwayi umene laputopu ilibe: ili ndi malo awiri olumikizira mawu, kutsogolo ndi kumbuyo. Kuyerekeza malo awiriwa kumaulula kumene kwagona vuto ndalama ya boma isanatuluke.

Kumene mawu amadutsa

Mkati mwa bokosi la kompyuta, lomwe ambiri m'maofesi amangolitchula kuti CPU, muli bolodi lalikulu lotchedwa motherboard. Pa bolodili pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa codec komwe kamasandutsa manambala a kompyuta kukhala mphamvu ya magetsi yoyendetsa masipika, komanso kamalandira mawu ochokera ku maikolofoni. Pa makompyuta ambiri kachipangizoka ndi ka kampani ya Realtek ya ku Taiwan.

Timabowo ta kumbuyo tinamatidwa pa motherboard penipeni, kotero mawu amafikako mosadutsa pa chingwe chilichonse. Ta kutsogolo tili pa kabolodi kena kapadera, ndipo timalumikizidwa ku motherboard ndi chingwe chopyapyala chodutsa mkati mwa bokosi. Choncho gwero la mawu ndi limodzi koma njira ndi ziwiri, ndipo kufufuza konse kwagona pa mfundo imeneyi. Ngati kumbuyo kukumveka koma kutsogolo kuli zii, codec ili moyo ndipo vuto lili pa chingwe chija, pa kabowo ka kutsogolo, kapena pa makonzedwe okhudza kutsogolo kokha. Ngati mbali zonse ziwiri zili chete, sikwenikweni kuti timabowo tonse tafera limodzi, ndipo poyenera kuyang'ana ndi pa chinthu chimene mbali ziwirizi zimagawana, monga makonzedwe a Windows kapena pulogalamu yoyendetsa codec. Ngati kutsogolo kukumveka koma kumbuyo ayi, nthawi zambiri kompyuta imakhala ikuganiza kuti kutsogolo kwalowetsedwa mahedifoni.

Poyesa, gwiritsani ntchito mahedifoni amodzi amene mwatsimikiza pa chipangizo china kuti ndi abwino, ndipo muwalowetse kutsogolo kenako kumbuyo nyimbo kapena kanema akuseweredwa. Kuyesa ndi masipika a pa desiki kumasokoneza chifukwa iwo ali ndi zofooka zawo. Amafuna magetsi awoawo, ali ndi swichi komanso kokwezera mawu, ndipo chimodzi mwa izi chikhoza kukhala chitazimitsidwa ndi woyeretsa mu ofesi.

Tanthauzo la mitundu

Timabowo tonse ndi tofanana kukula, mamilimita 3.5, motero pulagi imalowa paliponse ngakhale pamalo polakwika. Pofuna kuchepetsa chisokonezochi, makampani a Microsoft ndi Intel anakhazikitsa mitundu yozindikirira timabowo m'ndondomeko yotchedwa PC 99, ndipo opanga ambiri akhala akuitsatira. Kobiriwira ndi kotulutsira mawu kupita ku masipika kapena mahedifoni. Ka pinki ndi ka maikolofoni. Ka buluu ndi kolandirira mawu ochokera ku chipangizo china monga wailesi kapena makina osakanizira mawu a mu holo ya misonkhano. Makompyuta ena ali ndi tina titatu, ka olenji, kakuda ndi kotuwa, tomwe ndi ta masipika ozungulira chipinda ndipo mu ofesi sitigwira ntchito kwenikweni.

Cholakwika chofala ndi kulowetsa masipika pa ka buluu, makamaka munthu akamapapasa kumbuyo kwa bokosi lomwe lili pansi pa desiki mopanda kuwala. Maikolofoni nayo ikalowetsedwa pa ka buluu siimveka, kapena imamveka chapansipansi, chifukwa kabowoka sikapereka timagetsi tochepa timene maikolofoni ya kompyuta imafuna. Opanga ena masiku ano amasiya timabowo tonse takuda n'kungojambulapo tizizindikiro, ndipo pamenepo pamafunika tochi.

Mahedifoni a foni pa kompyuta

Ambiri amabwera ku ofesi ndi mahedifoni a foni yam'manja, ndipo apa ndi pamene pamachokera madandaulo ochuluka onena za maikolofoni. Yang'anani pulagi ndipo muwerenge timizere tolekanitsa chitsulo chake. Ya timizere tiwiri ili ndi magawo atatu: khutu lamanzere, khutu lamanja ndi waya wobwezera magetsi. Ya timizere titatu ili ndi gawo lachinayi la maikolofoni. Pulagi ya magawo anayi inapangidwira kabowo kamodzi konyamula zonse, monga ka pa foni ndi pa laputopu. Ikalowetsedwa pa kabowo kobiriwira ka kompyuta ya timabowo tiwiri, munthu akhoza kumva bwinobwino koma maikolofoni siigwira ntchito ngakhale atasintha makonzedwe otani, pakuti kabowoko kalibe polandirira mawu. Mankhwala ake ndi kachingwe ka mphanda kogawa pulagi imodzi kukhala ziwiri, yobiriwira ndi ya pinki.

Makompyuta ambiri a m'maofesi, monga a mtundu wa Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi Lenovo ThinkCentre, a zaka zaposachedwa ali ndi kabowo kamodzi kutsogolo kolandira pulagi ya magawo anayi. Pa amenewa nkhani imatembenuka. Mahedifoni a foni ndiwo amagwira ntchito, pamene a mapulagi awiri amafuna kachingwe kophatikiza.

Palinso kusiyana kwa kasanjidwe ka magawo anayiwo. M'kasanjidwe ka CTIA, komwe n'kofala lero, maikolofoni ili pa gawo lomaliza kufupi ndi chogwirira. M'kasanjidwe ka OMTP, komwe kanali pa mafoni akale a Nokia ndi Sony Ericsson, maikolofoni ndi waya wobwezera magetsi zinasinthana malo. Chizindikiro chakuti waya wobwezerayu sakukhudza bwino n'chodabwitsa: nyimbo imamveka ngati ikuchokera m'chitini, zoimbira zikumveka koma mawu a woimba atazimirira. Izi zimachitika chifukwa makutu awiriwo amayamba kungotulutsa kusiyana kwa mbali yamanzere ndi yamanja, ndipo chilichonse chofanana mbali zonse chimafafanizika. Mawu a pamsonkhano wa pa intaneti amakhala ofanana mbali zonse, kotero amasoweratu. Pulagi imene siinalowe mpaka kumapeto imachitanso chimodzimodzi, n'chifukwa chake n'koyenera kuikankha kufikira itagwira.

Makonzedwe a Windows

Mbali zonse zikakhala chete, yambani ndi kufunsa kumene Windows ikutumiza mawu. Sikirini yolumikizidwa ndi chingwe cha HDMI kapena DisplayPort imaoneka kwa kompyuta ngati chipangizo cha mawu, ngakhale ilibe sipika. Momwemonso pulojekita. Kompyuta imene inagwiritsidwa ntchito poonetsa lipoti pa pulojekita dzulo ikhoza kukhala ikutumizabe mawu ku chingwe cha sikirini lero.

Njira yachidule yoonera izi, yomwe imagwira ntchito pa Windows 10 ndi pa Windows 11, ndi kudina batani la Windows pamodzi ndi chilembo cha R, n'kulemba mmsys.cpl. Pa tsamba la Playback pamaoneka zipangizo zonse zotulutsa mawu. Dinani ndi batani lamanja la mbewa pamalo popanda kanthu n'kusankha Show Disabled Devices komanso Show Disconnected Devices kuti zobisika zionekere. Chimene chalembedwa Speakers kapena Headphones ndicho chiyenera kukhala ndi chizindikiro chobiriwira, ndipo ngati chilibe, chisankheni n'kudina Set Default.

Pambali pa chipangizo chilichonse pali timizere tobiriwira timene timakwera ndi kutsika mawu akamaseweredwa. Timizereti ndi mboni yodalirika. Ngati tikuvina pa Speakers koma m'makutu mulibe kanthu, Windows yachita mbali yake ndipo vuto lili kunja kwake, pa kabowo, pa chingwe kapena pa mahedifoni. Ngati tikuvina pa dzina la sikirini, mawu asochera chabe.

Mapulogalamu a misonkhano ali ndi posankhira pawopawo, ndipo sikuti nthawi zonse amatsata chisankho cha Windows. Kanema wa pa YouTube akamamveka koma msonkhano osamveka, palibe chifukwa chokhudzira timabowo. Tsegulani makonzedwe a mawu a pulogalamuyo n'kusankha sipika ndi maikolofoni zoyenera. Zoom ili ndi mabatani oyesera zonse ziwiri, ndipo kuyesaku kumayenera kuchitika msonkhano usanayambe, osati wapampando atatsegula kale zokambirana.

Pa maikolofoni pali chotchinga china. Kuyambira pa kusintha kwa Windows 10 kwa mu April 2018, makonzedwe oteteza chinsinsi akhoza kuletsa mapulogalamu kugwiritsa ntchito maikolofoni. Pitani ku Settings, kenako ku Privacy, kapena Privacy & security pa Windows 11, n'kuona ngati pa Microphone pali chilolezo.

Ngati pa tsamba la Playback palibe chipangizo chilichonse, kapena pa chizindikiro cha sipika pali mtanda wofiira ngakhale mahedifoni ali m'malo, nkhani yafika pa driver, yomwe ndi pulogalamu yolankhulitsa Windows ndi codec. Mu Device Manager, pansi pa Sound, video and game controllers, chizindikiro chachikasu chimasonyeza kuti driver ili ndi vuto. Vutolo likayamba Windows itangodzisintha, batani la Roll Back Driver limabwezeretsa yakale. Driver yatsopano iyenera kuchokera pa tsamba la kampani imene inapanga kompyutayo, molingana ndi nambala ya mtundu wake, osati pa masamba olonjeza kukonza zonse ndi kudina kamodzi, omwe ena amalowetsa mavairasi. Pa kompyuta ya boma ntchito imeneyi imafuna chilolezo cha woyang'anira makina. Ndi bwinonso kudziwa kuti Microsoft inasiya kuthandizira Windows 10 mwa masiku onse pa 14 October 2025.

Momwe kompyuta imadziwira kuti pulagi yalowa

Mkati mwa kabowo muli kaswichi kakang'ono kamene pulagi imakankha ikamalowa, ndipo codec imadziwa potero kuti pamenepo palumikizidwa chinthu. Ndi chifukwa chake masipika a kumbuyo amatonthola munthu akalowetsa mahedifoni kutsogolo. Limeneli si vuto, ndi mmene anakonzera. Vuto limabwera kaswichiko kakakakamira kaamba ka fumbi, dzimbiri kapena kupindika, moti kompyuta imakhulupirira kuti mahedifoni adakali m'malo pamene anazulidwa kale. Masipika amakhala chete ndipo mwini wake amawaimba mlandu pachabe. Nthawi zina pa sikirini pamangotulukatuluka uthenga wakuti chipangizo chalowetsedwa kapena chazulidwa popanda wokhudza kanthu.

Kulowetsa ndi kuzula pulagi kangapo kumamasula kaswichi kotere, ndipo mpweya wopopera umachotsa fumbi. Osalowetsamo waya, singano kapena madzi. Bokosi lokhala pansi penipeni limameza fumbi lambiri m'miyezi yachilimwe kusiyana ndi lokhala pamwamba pa desiki.

Mu pulogalamu ya Realtek, yomwe pa makompyuta akale imatchedwa Realtek HD Audio Manager ndipo pa atsopano Realtek Audio Console, muli posankha kuti kumbuyo kuzitonthola kutsogolo kukalowetsedwa mahedifoni, kapena kuti mbali ziwirizi zizigwira ntchito ngati zipangizo ziwiri zosiyana. Mulinso posankha potchedwa Disable front panel jack detection, pomwe pamauza kompyuta kuti isamadikire uthenga wa kaswichi kaja. Makompyuta ena amafunsa pa sikirini chimene mwalowetsa, kaya mahedifoni okha, mahedifoni a maikolofoni kapena masipika. Kutseka funsoli osayankha, monga ambiri amachitira pothamangira msonkhano, kukhoza kusiya maikolofoni yosadziwika. Zulani pulagi, lowetsaninso, ndipo muyankhe. Pa makompyuta oyendera Linux, zofanana ndi izi zimapezeka mu pulogalamu ya alsamixer pa mzere wa Auto-Mute Mode.

Mkati mwa bokosi

Gawo ili ndi la ogwira ntchito za makompyuta mu unduna kapena ku khonsolo. Kompyuta ya boma ndi katundu wolembedwa m'kaundula, ndipo ina imakhala ikadali pa chitsimikizo cha wogulitsa, kotero siyenera kutsegulidwa ndi munthu wosaloledwa. Wotsegula azimitse kompyuta, azule chingwe cha magetsi ku khoma, adine batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira atuluke, ndipo akhudze chitsulo cha bokosi asanagwire bolodi.

Chingwe cha kutsogolo chimathera pa pulagi ya malo 10 osanjidwa m'mizere iwiri, ndipo chimalowa pa timapini 9 tomwe kawirikawiri timakhala kumunsi chakumanzere kwa motherboard. Dzina lolembedwa pambali pake limasiyana: AAFP pa mabolodi a ASUS, F_AUDIO pa a Gigabyte, JAUD1 pa a MSI. Pini ya nambala 8 palibe, ndipo bowo lake pa pulagi ndi lotseka kuti isalowe chozondoka. Polumikizira USB 2.0 pamafanana kwambiri ndi pamenepa, koma pamenepo pini yosowa ndi ya nambala 9, ya kumapeto kwa mzere. Pulagi imene ikukana kulowa siyenera kukakamizidwa, pakuti pa USB pamadutsa mavoti 5 amene akhoza kuwononga zinthu. Kompyuta ikangochokera kokonzedwa kapena kopukutidwa fumbi n'kupezeka kuti kutsogolo kwafa, kawirikawiri chingwechi chimakhala kuti sichinabwezedwe. Makompyuta ena a makampani akuluakulu ali ndi malumikizidwe awoawo osatsata kasanjidwe kameneka, ndipo pa amenewo pamafunika buku la wopanga.

Pali ndondomeko ziwiri za malumikizidwe amenewa, zonse za kampani ya Intel. Yoyamba ndi AC'97 ya m'chaka cha 1997, ndipo inalowedwa m'malo ndi High Definition Audio m'chaka cha 2004. Mapulagi ake ndi ofanana maonekedwe koma mawaya ena amagwira ntchito zosiyana. Pa AC'97 mawu amatuluka pa pini 5 ndi pini 9 kupita ku kabowo ka kutsogolo, ndipo ngati mulibe pulagi amabwerera kudzera pa pini 6 ndi pini 10 n'kupitirira kumbuyo. Kunena kwina, mawu a kumbuyo amayamba adutsa kutsogolo. Pa mabolodi akale oterewa, chingwe cha kutsogolo chikazulidwa kumbuyo nako kumatonthola, pokhapokha atavekapo tizipewa tiwiri totchedwa jumper, kena kolumikiza pini 5 ndi 6, kena pini 9 ndi 10. Makompyuta abwinobwino angathe kulembedwa kuti ndi akufa chifukwa cha tizipewa timeneti.

Pa High Definition Audio mawu sabwerera motero. Pini 6 ndi pini 10 zimangonyamula uthenga wakuti pulagi yalowa, ndipo codec ndiyo imasankha kotumiza mawu. N'chifukwa chake bokosi lakale la AC'97 likaikidwa motherboard yatsopano, monga zimachitikira pa makompyuta okonzedwanso, kutsogolo kumaoneka ngati kwafa: bolodi likudikira uthenga umene kabowo kakale sikatha kutumiza. Njira yake ndi kulowa mu BIOS n'kusintha mtundu wa kutsogolo kukhala AC97 ngati posankhapo palipo, kapena kuzimitsa kudikira kuja mu pulogalamu ya Realtek. Mabokosi ena a nthawi ya kusinthaku ali ndi mapulagi awiri pa chingwe chimodzi, ina yolembedwa HD AUDIO ina AC'97. Yolowetsa ndi imodzi yokha, yogwirizana ndi bolodi.

Mu BIOS momwemo mulinso pozimitsira codec yonse, pomwe pamalembedwa Onboard Audio kapena HD Audio Controller. Ikazimitsidwa, Windows siiona n'komwe. Kompyuta imene imaiwala tsiku ndi nthawi ikazimitsidwa imakhala kuti batire lake laling'ono la CR2032 latha, ndipo zosintha zonse za mu BIOS zikhoza kumabwerera mwakale mpaka batirelo litasinthidwa.

Mawu akamamveka ndi phokoso

Kung'ung'udza kwapansipansi kosalekeza m'masipika nthawi zambiri kumachokera ku magetsi, omwe ku Malawi ndi a mavoti 230 ndipo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Kumabwera kompyuta ndi masipika kapena makina okuzira mawu zikalumikizidwa pa masoketi osiyana, kapena pulagi ya magetsi ikakhala yopanda waya wa pansi. Kuzilumikiza pa soketi imodzi kumathandiza. Kulira kosongoka kosintha munthu akamayendetsa mbewa, komveka kutsogolo kokha, kumasonyeza kuti chingwe cha mkati chija chadutsa pafupi ndi zipangizo zotaya mphamvu ya magetsi, monga khadi la zithunzi. Kuchisuntha kumachepetsa phokosolo, koma chapafupi ndi kungogwiritsa ntchito timabowo ta kumbuyo ndi chingwe chotalikitsira. Khutu limodzi likamamveka pokhapokha pulagi itapotozedwa, ndipo mahedifoni omwewo ali bwino kumbuyo, kabowo ka kutsogolo kakula kapena kathyoka chifukwa chokokedwa munthu akamanyamuka pampando mahedifoni ali kumutu.

Codec ikafadi

Zimachitika kuti codec yapsa, makamaka mphezi ikawomba kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazima. Ngakhale pamenepo kompyuta siyenera kutayidwa. Kachipangizo ka mawu kolowetsa pa USB, kofanana kukula ndi fulashi, kali ndi codec yakeyake pamodzi ndi timabowo take, ndipo Windows imakazindikira popanda kuika driver ina. Mahedifoni a USB amachitanso chimodzimodzi, ndipo kwa ofesi yochita misonkhano kawirikawiri ndi amene amachotsa chisokonezo chonse cha mitundu ndi timizere. M'maofesi momwe malo a USB anatsekedwa pofuna kuteteza zinsinsi, pamafunika kupempha chilolezo kaye.

Popereka lipoti ku nthambi ya makompyuta, lembani nambala ya katunduyo, mbali imene ikumveka ndi imene sikumveka, mtundu wa pulagi imene mwayesera, ngati timizere tobiriwira tikuvina pa tsamba la Playback, komanso chimene chinachitika vuto lisanayambe, kaya ndi kusamutsidwa kwa desiki, kuzima kwa magetsi, kulumikiza pulojekita kapena kusintha kwa Windows.